Mipata ndi kukula kwa zilembo: mmene mungawerengere XML ndi HTML osawononga deta

Mafayilo awiri akhoza kuoneka ofanana ndendende pa sikirini, koma pulogalamu yanu n'kuwerenga imodzi bwinobwino, inayo n'kuikana. Nthawi zambiri chasiyanitsa ndi kanthu kamene diso limangokadumpha: mpata, tab, podumphira mzere, kapena chilembo chachikulu pomwe mumayembekeza chaching'ono. Ambiri zikawavuta chonchi amatenga fayilo yonse, kuchotsa mipata yonse imene akuiona ngati yosafunika, kusandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, kenako n'kuipereka kwa parser, pulogalamu imene imawerenga matagi a XML kapena HTML n'kutulutsa deta ya mkati mwake. Pulogalamu imasiyadi kudandaula. Koma deta ija yawonongeka, ndipo mudzazindikira patapita masabata, pamene fayilo yoyambirira simukuipezanso. Ndikukupemphani musamatero. Lolani parser iwerenge fayilo mmene ilili, ndipo inu muyeretse pambuyo pake, gawo lililonse palokha, mukudziwa chimene gawolo lanyamula.

Choyamba: dziwani ngati ndi XML kapena HTML

Zinenero ziwirizi zimaoneka ngati mapasa koma malamulo ake ndi osiyana. XML, yomwe bungwe la W3C linaikhazikitsa mu 1998, imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono paliponse. `<Dzina>` ndi `<dzina>` ndi ma element awiri osiyana (element ndi tagi pamodzi ndi zimene yanyamula). Mukatsegula ndi `<Dzina>` n'kutseka ndi `</dzina>`, parser imaima pomwepo, ndipo mu Python muona uthenga woti `mismatched tag`. HTML ilibe nazo ntchito zimenezi. `<P>`, `<p>`, `HREF`, `href`, zonse imazilandira n'kuzisandutsa zazing'ono. XHTML, yomwe inatuluka mu 2000, imaoneka ngati HTML koma ikawerengedwa ndi parser ya XML imatsata malamulo a XML, ndipo matagi ake onse ayenera kukhala a zilembo zazing'ono.

Choncho sankhani parser yogwirizana ndi fayilo. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuwerenga RSS, fayilo imene mawebusayiti amalengezeramo nkhani zatsopano, ndi parser ya HTML. RSS ndi XML, ndipo ili ndi matagi monga `pubDate` ndi `lastBuildDate`. Mukaipereka kwa BeautifulSoup, library ya Python yowerengera matagi, ndi `html.parser`, `pubDate` imasanduka `pubdate`, ndiye mukafufuza `pubDate` simupeza kanthu. Choipa kwambiri chimachitikira `<link>`. Mu HTML tagi imeneyi sinyamula mawu mkati, kotero parser imaitseka pomwepo ndipo adiresi ya nkhani imagwera kunja kwake. Anthu amatha tsiku lathunthu akulemba khodi yozungulira vutoli, pamene mankhwala ake ndi liwu limodzi:

```
soup = BeautifulSoup(deta, "xml")
```

Ndipo musayese kuwerenga matagi ndi regex, njira yofufuzira mawu potsata kalembedwe kake. Zonse zimene ndifotokoze m'munsimu parser inaziganizira kale, pomwe regex yanu idzazipeza chimodzichimodzi, tsiku lililonse chake.

Chachiwiri: onani zosaonekazo ndi maso anu

Musanasinthe khodi, yang'anani ma byte enieni. Pa Linux, `cat -A` imaonetsa tab ngati `^I`, CR (chilembo chimene Windows imaika patsogolo pa LF, chilembo chodumphira mzere) ngati `^M`, ndi mapeto a mzere ngati `$`. `od -c` ndi `hexdump -C` zimaonetsa zambiri kuposa apo. Mu Python sindikizani `repr(mawu)` osati `mawu`, mu JavaScript `JSON.stringify(mawu)`.

Yambani ndi ma byte oyambirira a fayilo. Mzere wa `<?xml version="1.0"?>`, ngati ulipo, uyenera kukhala pachiyambi penipeni, wa zilembo zazing'ono, popanda kalikonse patsogolo pake. Mpata umodzi kapena mzere umodzi wopanda kanthu ndi wokwanira kuti Python inene kuti `XML or text declaration not at start of entity`. Zimachitika kwambiri pamene seva imapanga XML kuchokera mu template imene ili ndi mzere wopanda kanthu pamwamba. Palinso BOM, ma byte atatu a `EF BB BF` amene mapulogalamu ena amaika pachiyambi pa fayilo ya UTF-8. Parser ikalandira ma byte imadziwa chochita nayo BOM. Koma mukayamba mwasandutsa fayilo kukhala string, BOM ikhoza kutsalira ngati chilembo, ndipo Java imakuuzani kuti `Content is not allowed in prolog`. N'chifukwa chake ndi bwino kupereka ma byte kwa parser mwachindunji. Ngati simungachitire mwina, mu Python tsegulani fayilo ndi `utf-8-sig`.

Pano pokha, patsogolo pa `<?xml`, ndi pamene ndimavomereza kudula mipata parser isanayambe ntchito. Ngakhale pamenepo, ngati mungathe kukonza kumene fayilo ikuchokera, konzani kumeneko.

Chachitatu: dziwani zimene parser yasintha kale

Kwa XML, mpata ndi zilembo zinayi zokha: space, tab, LF ndi CR. HTML imawonjezerapo chachisanu, form feed. China chilichonse, ngakhale chioneke choyera bwanji, ndi chilembo wamba.

Parser ya XML imachita zinthu ziwiri isanakupatseni deta. Imasandutsa CRLF ya Windows, komanso CR yoima payokha, kukhala LF. Ndiye musataye nthawi kufufuza `\r\n` m'mawu ochokera mu parser. Imakonzanso ma value a attribute: tab iliyonse ndi podumphira mzere paliponse zimasanduka space. Mukalemba adiresi ya mizere iwiri mu attribute, idzatuluka ili mzere umodzi. Kuti podumphira mzere papulumuke, lembani `&#10;`, ndipo tab ikhale `&#9;`. Mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto kwa value imatsala, pokhapokha ngati DTD, mndandanda wa malamulo a matagi a fayiloyo, yanena kuti attribute ija ndi ya mtundu wina osati CDATA (mawu wamba), monga ID kapena NMTOKENS. Zikatero imadulidwa, ndipo mipata yotsatizana imaphatikizidwa kukhala umodzi. Izi zikutanthauza kuti fayilo imodzi yomweyo ikhoza kupereka ma value osiyana malinga ndi kuti parser yawerenga DTD kapena ayi.

Parser ya HTML nayo ili ndi kake kamodzi: podumphira mzere poyamba penipeni, pongotsegula `<pre>` kapena `<textarea>`, imapataya.

Kupatula zimenezi, mipata yonse ya m'kati mwa ma element imafika kwa inu. Lamulo la XML limanena kuti parser ipereke kwa pulogalamu chilembo chilichonse chimene si tagi. Ndipo bulawuza ikamakuonetsani mipata khumi ngati umodzi, imene yachita zimenezo ndi CSS, chinenero cha maonekedwe a tsamba, kudzera mu `white-space`. Mu DOM, mtengo wa ma element umene parser imapanga, mipata khumi ija ikadali khumi.

Chachinayi: mipata ya pakati pa matagi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndichedwapo. Onani izi:

```
<wophunzira>
  <dzina>Chikondi</dzina>
  <zaka>14</zaka>
</wophunzira>
```

Munthu akuona ana awiri mkati mwa `wophunzira`. DOM ikuona asanu: ma element awiri ndi ma text node atatu opangidwa ndi podumphira mzere ndi mipata. Ndiye `firstChild` siikupatsani `dzina`, ikupatsani mipata. Mu JavaScript gwiritsani ntchito `firstElementChild`, `nextElementSibling` ndi `children` m'malo mwa `firstChild`, `nextSibling` ndi `childNodes`. Mu Java, pozungulira ana a element, yang'anani `getNodeType()` ndi kudumpha onse amene si `ELEMENT_NODE`. Chabwino koposa n'kusadalira malo konse. Funsani element ndi dzina lake, osati ponena kuti "mwana wachiwiri", chifukwa tsiku limene wotumiza fayilo adzasiye kuisanja ndi mipata, wachiwiri uja adzakhala wina.

ElementTree ya Python imasunga mipatayi mwa njira ina. Mawu a pakati pa tagi yotsegula ndi mwana woyamba amakhala mu `.text`, ndipo mawu otsatira tagi yotseka amakhala mu `.tail` ya element yomwe yangotsekedwayo. Kumbukirani kuti element yopanda kanthu imapereka `None`, osati string yopanda kanthu, kotero `e.text.strip()` idzagwa tsiku lina. Lembani `(e.text or "")`.

Tsono ma library ambiri ali ndi switch yochotsera mipata yotereyi. Mu lxml ya Python ndi `remove_blank_text=True`. Mu .NET, `XmlDocument` imaitaya yokha pokhapokha mutaika `PreserveWhitespace = true`, ndipo `XDocument` imafuna `LoadOptions.PreserveWhitespace`. Mu Java muli `setIgnoringElementContentWhitespace`, imene ambiri amaiyatsa n'kudabwa kuti palibe chasintha, chifukwa imadalira DTD kuti idziwe mipata yoyenera kutaya. Pa fayilo ngati ya wophunzira ija, kuchotsa mipata kulibe vuto. Koma onani iyi:

```
<p><b>Tidzakumana</b> <i>madzulo</i></p>
```

Mpata wa pakati pa `</b>` ndi `<i>` ndi text node yopanda chilembo china chilichonse, chimodzimodzi ndi ija ya m'mwambamo. Koma uwu ndi mpata weniweni wolekanitsa mawu awiri. Ukachoka, chotsala ndi "Tidzakumanamadzulo". Parser yopanda DTD kapena schema singadziwe motsimikiza kuti mpata uwu ndi deta ndipo uja ndi wongokongoletsa, imangolota. Amene mukudziwa ndi inu. Dzifunseni: kodi element imeneyi imanyamula ma element okhaokha, kapena imasakaniza mawu ndi matagi? Ikakhala yosakaniza, musakhudze mpata uliwonse mkati mwake mpaka mutasonkhanitsa mawu onse.

Msampha womwewu uli mu BeautifulSoup. `get_text(strip=True)` imadula chidutswa chilichonse payokha n'kuzilumikiza popanda mpata, ndiye mawu amamatirirana. Mukayesa `get_text(" ", strip=True)`, imaika mpata paliponse pamene panali tagi, ndiye `<b>M</b>awa` imatuluka "M awa". Njira yolondola ndi kusonkhanitsa kaye, kuyeretsa pambuyo, monga chonchi mu ElementTree kapena lxml:

```
mawu = "".join(p.itertext())
mawu = re.sub(r"[ \t\r\n]+", " ", mawu).strip(" ")
```

Pa HTML samalani ndi `<br>` ndi ma element ngati `<li>` ndi `<td>`. Amenewa amalekanitsa mawu pa sikirini ngakhale mu fayilo mulibe mpata pakati pawo, choncho pamenepo mpata muuike nokha musanalumikize.

Wolemba fayilo ali ndi njira yokuuzirani kuti mipata ina musaikhudze: `xml:space="preserve"`. Imagwira pa element imene yalembedwa ndi zonse za mkati mwake, kufikira element ina itanena `xml:space="default"`. Mukatsegula fayilo ya docx ya Microsoft Word mudzaipeza pa matagi a `<w:t>` amene mawu ake akuyamba kapena kutha ndi mpata. Dziwani kuti attribute imeneyi ndi pempho chabe. Ngati khodi yoyeretsa mwalemba nokha, inu nomwe muyenera kuilemekeza, ndipo muziyang'ananso makolo a element, osati element yokhayo.

Kwa amene mumagwiritsa ntchito SAX, njira imene parser imakupatsani deta chidutswa chidutswa pamene ikuwerenga, pali chinthu chimodzi chimene chimapweteka anthu ambiri. `characters()` ikhoza kuitanidwa kangapo pa mawu a element imodzi, makamaka pamene pali `&amp;` kapena pamene buffer yathera. Mukadula mipata pa chidutswa chilichonse, mudzadya mipata ya pakati pa chiganizo, ndipo zidzachitika mwa apo ndi apo moti kupeza gwero lake n'kovuta. Unjikani zidutswa zonse, mudule mukafika pa `endElement`.

Chachisanu: yeretsani gawo ndi gawo

Tengani pepala, lembani magawo onse amene pulogalamu yanu imawerenga, ndipo pa lililonse sankhani chimodzi mwa zitatu zimene XML Schema, chinenero chofotokozera mitundu ya deta mu XML, inazipatsa mayina. `preserve` ndi kusiya mmene zilili. `replace` ndi kusandutsa tab ndi podumphira mzere kukhala space. `collapse` ndi kuchita zomwezo, kuphatikiza mipata yotsatizana, ndi kudula ya m'mbali. Mu schema, `xs:string` imasunga zonse, `xs:normalizedString` imachita `replace`, ndipo `xs:token`, manambala ndi madeti zimachita `collapse`. Manambala, madeti ndi mitu ya nkhani, phatikizani. Ndakatulo, khodi ya pulogalamu, za mu `<pre>` ndi mawu achinsinsi, musakhudze. Mu XPath, chinenero chofufuzira mu XML, `normalize-space()` imachita `collapse`, ndipo mu XSLT, chinenero chosinthira XML, `xsl:strip-space` imakulolani kutchula ma element enieni oyenera kuchotsedwa mipata. Atchuleni mayina. Musaike nyenyezi yotanthauza onse ngati fayilo ili ndi ndime za mawu.

Mwina mwadabwa kuti m'khodi ya pamwambayo sindinalembe `\s` kapena `.strip()` wamba. Chifukwa chake ndi mpata wosadukiza mzere, U+00A0, umene mu HTML umalembedwa `&nbsp;`. Kwa XML ndi HTML umenewu si mpata, ndi chilembo, ndipo `normalize-space()` siiukhudza. Koma zinenero sizigwirizana pa nkhaniyi. `strip()` ndi `split()` za Python zimauchotsa. `trim()` ya JavaScript imauchotsa. `trim()` ya Java imangochotsa zilembo zofika pa U+0020, ndipo `strip()` imene inabwera ndi Java 11 nayo imausiya. Ndiye mapulogalamu awiri owerenga fayilo imodzi akhoza kusunga ma value osiyana, ndipo mukamafananitsa sizigwirizana pomwe pa sikirini zikuoneka zofanana. Sankhani mwadala. Ngati mukukolola manambala m'matebulo a HTML, sandutsani U+00A0 kukhala space poyera, pa mzere wake, kuti wodzawerenga khodi aone kuti munachita dala. Ngati ndi mawu odzaonetsedwanso kwa owerenga, usiyeni, chifukwa wolemba anauika kuti nambala isasiyane ndi muyeso wake kumapeto kwa mzere.

Chachisanu ndi chimodzi: zilembo zazikulu ndi zazing'ono

Siyanitsani mayina ndi ma value. Mayina a matagi ndi a attribute amatsata lamulo la chinenero, pomwe value iliyonse ili ndi lamulo lake.

Mu XML fananitsani mayina ndendende. `id` ndi `ID` zikhoza kukhala pa element imodzi ngati ma attribute awiri, ndiye mukazichepetsa zonse imodzi idzafufuta inzake. Adiresi ya namespace nayo imafananitsidwa chilembo ndi chilembo, ngakhale ikuoneka ngati adiresi ya pa intaneti. `DOCTYPE` ndi `CDATA` ziyenera kukhala zazikulu, ndipo `x` wa mu `&#xA0;` akhale wamng'ono. Ngati amene amakutumizirani deta nthawi zina amalemba `<Dzina>` nthawi zina `<dzina>`, lembani mndandanda wa mayina amene mukuwalandira pa gawo limenelo, kapena mu XPath 2.0 gwiritsani ntchito `lower-case(local-name())`. XPath 1.0, imene ili mu lxml ndi m'mabulawuza, ilibe `lower-case()`, ndiye mumadalira `translate()`. Koma auzeninso otumizawo kuti akonze.

HTML ili ndi zodabwitsa zake. Parser imachepetsa mayina, koma `tagName` mu bulawuza imabweza zilembo zazikulu, `DIV`, pomwe `localName` imabweza `div`. Pofananitsa dalirani `localName`. SVG ya mkati mwa HTML imasunga mayina ake monga `viewBox`, `linearGradient` ndi `foreignObject`. Parser yotsata malamulo a HTML5 imawabwezeretsa, koma `html.parser` ya Python imangowachepetsa, ndipo mukasunga zotulukazo ngati fayilo ya SVG payokha, `viewbox` sidzagwira ntchito. Mukalemba `data-userId`, imasanduka `data-userid`, ndipo `dataset.userId` sipeza kanthu. Kuti muipeze choncho lembani `data-user-id`.

Ma value ena a HTML salabadira kukula kwa zilembo: `method="POST"` ndi `method="post"` n'chimodzimodzi. Koma `id` ndi `class` zimasiyanitsa, kupatula pa tsamba limene bulawuza yaliwerenga mu quirks mode, njira yowerengera masamba akale, chifukwa chosowa DOCTYPE. Mu adiresi ya pa intaneti, `https` ndi dzina la seva sizilabadira, koma njira yotsatira pambuyo pake ikhoza kusiyanitsa. Zizindikiro za zinenero monga `pt-BR` ndi mayina a encoding monga `UTF-8` sizilabadira. `&Eacute;` ndi `&eacute;` ndi zilembo ziwiri zosiyana. Ndipo `xs:boolean` imalandira `true`, `false`, `1` ndi `0` basi, kotero `True` imene Python imatulutsa mukalemba `str(True)` idzakanidwa ndi schema.

Pamene mukuyeneradi kuchepetsa zilembo, samalani ndi chinenero cha kompyuta imene pulogalamu ikuyenderapo. Mu Chitheki muli `i` wa kadontho ndi `ı` wopanda kadontho. Mu Java, `"TITLE".toLowerCase()` pa kompyuta yoikidwa ku Chitheki imapereka `tıtle`, imene sifanana ndi `title`. Kwa inu pulogalamu iyenda bwino, kwa wogwiritsa ntchito wa ku Turkey idzalephera. Lembani `toLowerCase(Locale.ROOT)` mu Java, ndipo mu C# `ToLowerInvariant()` kapena `StringComparison.OrdinalIgnoreCase`. Pa mawu a anthu, monga pofufuza dzina, Python ili ndi `casefold()`, imene imadziwa kuti `ß` ya Chijeremani ifanane ndi `ss`. Musaigwiritse ntchito pa mayina a matagi, chifukwa HTML imangoyang'ana A mpaka Z. Ndipo chochepetsedwacho chikhale chofananitsira chokha. Mu database sungani mawu mmene anabwerera.

Pomaliza: polemba fayilo, ndi poyesa

Kusanja XML kuti ioneke bwino ndi kuwonjezera mipata, ndipo mipata ndi deta. `toprettyxml()` ya minidom mu Python siichotsa mipata yakale, kotero fayilo yosanjidwa kale imadzaza mizere yopanda kanthu nthawi iliyonse mukaiwerenga n'kuilembanso. `ET.indent()` ya ElementTree, imene inabwera ndi Python 3.9, siikhudza malo amene muli mawu enieni, komabe mpata ngati uja wa pakati pa `</b>` ndi `<i>` imausandutsa podumphira mzere. Fayilo imene ili ndi siginecha ya XML musaisanje konse. Canonical XML, kalembedwe kamene fayilo imaikidwamo isanasainidwe, imasunga mipata ya mkati mwa element yaikulu, ndiye mpata umodzi wowonjezera pa gawo losainidwa umapangitsa siginecha kukanidwa.

Kenako pangani mafayilo ang'onoang'ono oyesera, iliyonse ndi vuto lake limodzi. Tengani fayilo yabwino, ilembeni yonse pa mzere umodzi, ina yosanjidwa ndi ma tab, ina ya CRLF, ina ya BOM. Zinayi zonsezi zipereke zotsatira zofanana. Onjezani element yopanda kanthu, ina ya mipata yokhayokha, value yokhala ndi U+00A0 kumapeto, attribute yokhala ndi `&#10;`, tagi ya chilembo chachikulu, ndi ndime ija ya "Tidzakumana madzulo". Ngati mumalemba Java, yendetsaninso mayeso onse ndi `-Duser.language=tr`.